Phala la azakhali ndi mankhwala ogonetsa: zomwe ndinaona ku Central

Anyamata a kunyanja, ndabweranso. Ambiri mwakhala mukundifunsa za ababa, ena mukudandaula kuti ndinasowa pa doko milungu itatu injini zanu zili gone pa mchenga. Ndiyankhe kamodzi pompano. Uthengawu ndi wautali, muusunge, muwerenge mukamadikira kuti mwezi ulowe.

Mukukumbukira mwera uja wa mu July. Ababa ankathandiza alovi kukokera boti kumtunda, funde linalikankha n'kuwapana mkono pa boti linzake. Fupa la pakati pa phewa ndi chigongono linathyoka pawiri. Ku chipatala cha boma ku Salima atajambula anati pulasitala yekha sangathandize, pafunika kuika chitsulo, ndiye anatitumiza ku Lilongwe, ku Kamuzu Central Hospital. Tinapita atatu: ababa, azakhali anga ngati gadiyani, ndi ine wothamangathamanga.

Ababa mumawadziwa. Munthu amene anagonapo pa nyanja usiku wonse atakangamira bwato logubuduka, saopa madzi, saopa ng'ona. Koma atangomva kuti opaleshoni yake adzawagonetsa thupi lonse, nkhope inasintha. Usiku umenewo anandiitana pafupi n'kunena chapansipansi kuti, "Iwe, mpeni sindikuuopa ayi. Koma zogonetsazi ndi katupe. Unaionapo nsomba ya katupe itabwerera m'madzi?" Anandikumbutsanso za mnzawo wina amene analowa ku fiyeta zaka zapitazo osatulukako wamoyo. Ndinalibe choyankha. Inenso m'mimba munali mutatentha.

Ine ndinkagona ku Area 10, kwa msuweni wanga amene amasamala maluwa pa nyumba ina ya mpanda wautali. Uko ndi Lilongwe wina amwene: msewu uli zii, mitengo yokhayokha, munthu woyenda pansi amangokhala mlonda, wantchito kapena ine. Nditamufotokozera mantha a ababa anaseka mpaka kugwira m'mimba. Akuti galu wa abwana ake anamugonetsapo kawiri kwa dokotala wa ziweto, ndi uyo akutiuwa apoyo. Ndinaseka nawo, koma ndinadziwa kuti ababa sungawalimbitse mtima ndi nkhani ya galu.

M'mawa uliwonse ndinkayenda wapansi kudutsa ku City Centre, kuzizira kukuluma makutu, mpaka kukafika ku Central. Lolemba madzulo, kutatsala tsiku limodzi kuti alowe, kunabwera bambo wina wovala zobiriwira. Anati iyeyo si amene adzang'ambe, ntchito yake ndi kugonetsa ndi kudzutsa. Anawayasamulitsa ababa, kuyang'ana mano ndi kukhosi, kumvetsera chifuwa, kufunsa kulemera kwawo. Kenako mafunso. Mowa mumamwa bambo? Ababa: "Pang'ono, pa Khirisimasi." Fodya? "Ndinasiya kalekale." Mankhwala achikuda mwamwapo masiku ano? "Ayi." Mayankho atatu, mabodza atatu. Kachasu ndi wa tsiku ndi tsiku, chingambwe chinali m'thumba la jekete, ndipo botolo la mizu ya kwa asing'anga linali pansi pa bedi. Ine ndinangoyang'ana pansi. Mwana sutsutsa bambo ako pagulu. Pomaliza anati kuyambira pakati pa usiku asadye kanthu kalikonse.

Atatuluka ndinamutsatira pa khonde. Ndinati pepani adokotala, ababa akuti mankhwala anuwa ndi katupe, ndiwauze chiyani? Anandifunsa ntchito yanga. Nditati ndimakonza injini za maboti anati, "Ndiye inu achimwene mumva msanga." Anaima nane mphindi mwina khumi. Zina ndinadzafunsa mnyamata wina wa ku College of Health Sciences, yomwe ili pafupi pomwepo, tinkakumana pa chiwaya cha tchipisi. Zina ndinawerenga pa foni usiku ku Area 10. Biology ya Fomu 4 ija inagwira ntchito koyamba. Ndikupatseni monga ndinamvera.

Choyamba, kugonetsa si tulo. Munthu ali m'tulo ukamutsina amadzuka. Apa pamafunika zinthu zitatu nthawi imodzi: asadziwe chomwe chikuchitika, thupi lisamve ululu, ndipo minofu ifewe kuti ong'amba agwire ntchito bwino. Mankhwala amodzi sachita bwino zonsezi, ndiye amaphatikiza angapo, ena pang'ono ena pang'ono.

Mu ubongo maselo amatumizirana mauthenga ndi timadzi tosiyanasiyana. Tina ndi ta moto, tina ndi ta buleki. Ka buleki kodziwika kwambiri amakatcha GABA, ka moto ndi glutamate. Mankhwala ambiri ogonetsa amalimbitsa buleki ija mpaka mbali za ubongo zimasiya kulankhulana.

Oyambira amabaya pa mtsempha kudzera pa diripi. Otchuka masiku ano ndi propofol, oyera ngati mkaka chifukwa amawasungunula m'mafuta a soya. Anayamba kugwiritsidwa ntchito ku Britain mu 1986. Munthu wamkulu wathanzi amalandira pafupifupi mamiligalamu 2 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, okalamba amawachepetsera. Pa masekondi 30 kapena 40, nthawi yoti magazi achoke pa mkono kufika ku ubongo, munthu wapita. Chondidabwitsa n'chakuti akangobaya kamodzi osawonjezera, pa mphindi 5 mpaka 10 munthu amayamba kutsitsimuka. Sikuti mankhwala atha m'thupi ayi, angochoka ku ubongo n'kumwazikira mu minofu ndi m'mafuta, chiwindi chimadzawaphwanya pambuyo. Vuto lake amatsitsa BP ndipo amatha kuimitsa kupuma. Ndi omwewa anapha woyimba uja Michael Jackson mu 2009. Ankamubaya kunyumba kuchipinda kwake kuti apeze tulo, popanda zipangizo ndi ulonda wa ku fiyeta.

Ena ndi ketamine, amene anapangidwa ku America mu 1962. Awa njira yawo ndi ina: amatseka khomo limodzi lomwe glutamate amadutsira, ngati wazula waya wa pulagi. Munthu amatha kukhala maso ali tong'o koma iye kulibe, ululu sakuumva. Ubwino wake nthawi zambiri munthu amapitiriza kupuma yekha, ndipo BP m'malo motsika imakwera. N'chifukwa chake amadaliridwa kwambiri m'zipatala za m'maboma, komanso kwa munthu amene wataya magazi ambiri pa ngozi. Angathe kubayidwa ngakhale pa ntchafu. Kuipa kwake amachulukitsa malovu, ndiye amapereka atropine kuti aume, komanso amabweretsa maloto oopsa podzuka, ndiye amawonjezera diazepam. Uja munamumva kuti atachoka ku fiyeta ankakuwa kuti akuona anthu akufa, si mizimu, ndi ketamine. Ndi omwewanso madokotala a ziweto amagwiritsa ntchito kwambiri.

Munthu akagona, kuti asadzuke pakati pa ntchito amamupumitsa mpweya wogonetsa. Mayina ake ndi halothane, isoflurane, sevoflurane. M'botolo amakhala amadzimadzi. Amawathira mu kachipangizo kotchedwa vaporiser, ndipo apa ndi pomwe ndinamwetulira, chifukwa ndi kabuleta weniweni: okosijeni akamadutsa amatenga nthunzi ya mankhwala pa mlingo womwe wogonetsa watchera. Inu mukasakaniza petulo ndi oyilo 50 kwa 1, ndiye kuti oyilo ndi 2 pa 100 iliyonse. Isoflurane nayenso amayenda chapomwepo, pakati pa 1 ndi 2 pa 100 ya mpweya womwe munthu akupuma. Ukachepetsa munthu ayamba kutsitsimuka, ukachulutsa BP igwa. Mpweyawu umalowera m'mapapo kupita m'magazi mpaka ku ubongo, ndipo akatseka, wambiri umatulukiranso m'mapapo momwemo. Munthu amachita kuupumira kunja mpaka kudzuka.

A ululu ndi gulu la morphine, pethidine ndi fentanyl. Ngakhale munthu sakudziwa kanthu, thupi limamva mpeni, mtima n'kuyamba kuthamanga. Awa amaziziritsa zimenezo, koma nawonso amachedwetsa kupuma.

Omaliza ndi omwe anandiopsa: ofewetsa minofu. Mbiri yake inachokera ku curare, ulembe womwe alenje a ku South America ankapaka pa mivi, nyama n'kugwa osatha kusuntha. Madokotala anauyesa pa opaleshoni ku Montreal mu 1942. Lero pali suxamethonium, amene amagwira mphindi imodzi isanathe n'kutha pa mphindi ngati 5, ndi ena okhalitsa monga vecuronium ndi atracurium. Amatseka pomwe mtsempha umalamula mnofu. Sagonetsa, saletsa ululu, amangoumitsa thupi lonse, kuphatikizapo minofu yopumira. Ndiye amalowetsa chubu pakhosi mpaka mu njira ya mpweya, makina kapena dzanja la wogonetsa n'kumamupumira munthuyo. Pomaliza amapereka neostigmine kuti mphamvu ibwerere mu minofu.

Nanga katupe? Poizoni wa m'zomera ngati mthuthu, wotchedwa rotenone, amalepheretsa maselo a nsomba kugwiritsa ntchito okosijeni. Nsomba imayandama chifukwa ikubanika, ikufa, ndipo palibe amene akuiyang'anira. Amapha ndi tiana tomwe, n'chifukwa chake malamulo a usodzi amaletsa. Ku fiyeta kuli munthu amene ntchito yake yonse ndi kukhala kumutu kwako. Pa chala amakupana ndi kachipangizo koyeza okosijeni m'magazi, kamalira ti, ti, ti motsatira mtima. Munthu wabwinobwino amakhala pa 95 kupita m'mwamba, ikayamba kutsika kaliridwe kamasintha. Bambo uja anati amamva ndi khutu asanayang'ane n'komwe, monga ine ndimadziwira injini yomwe ikuphonya ndili kumtunda. Kuno kwathu ntchito imeneyi kwambiri amagwira ndi ma clinical officer omwe anachita maphunziro apadera a zogonetsa, ambiri ku Blantyre ku Queens. Ndipo tisaiwale kuti kale kunalibe zonsezi. Asanaonetse poyera mphamvu ya ether ku Boston pa 16 October 1846, munthu ankadulidwa mwendo ali maso, amuna amphamvu atamupanikiza.

Chomwe anatsindika kwambiri ndi nkhani ya kudya. Ukakhala maso, kapena uli m'tulo wamba, chakudya chikalowera kolakwika umatsamwa n'kukhosomola. Ukagonetsedwa chitetezo chimenecho chimazima. Zam'mimba zimatha kubwerera kukhosi mwakachetechete n'kutsikira m'mapapo pamodzi ndi asidi wa m'mimba, mapapo n'kupsa. Ndi ngati madzi alowa mu silinda. Anthu amafa nazo, ena pa tebulo pomwepo, ena patapita masiku ndi chibayo. Ndiye lamulo ndi loti chakudya chisiyidwe maola osachepera 6 opaleshoni isanachitike, madzi oyera okha ndi omwe ena amaloledwa mpaka kutatsala maola 2. Phala ndi chakudya. Thobwa ndi chakudya. Tiyi wamkaka ndi chakudya.

Lachiwiri ndinafika ku wodi cha m'ma 6 koloko m'mawa. Ndinapeza azakhali akubisa kontena m'chitenje, ababa akupukuta pakamwa. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro, theka la kontena litapita. Azakhali anati, "Mwanawe, munthu angapite ku mpeni ndi njala? Mphamvu yodzukira aitenga kuti?" Sanachite mwa nkhanza ayi. Anadzuka 4 koloko kukasonkha moto ku khitchini ya magadiyani chifukwa chokonda mlongo wawo. Ababa anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Watseka pakamwa. Wamva?"

Amwene, ndinaima pamenepo mutu ukuzungulira. Tinali titakhala kale masiku 9. Ndalama yomwe ndinabwera nayo inali itatsala ya thiransipoti ndi ufa pang'ono. Kunyumba amayi ankaimba tsiku lililonse, eni maboti ankaimba, wina anali atapereka kale injini yake kwa makaniko wina. Dzina la ababa linali loyambirira pa ndandanda wa tsikulo. Ndikanangokhala chete, mwina bwenzi zonse zitayenda bwino, chifukwa si aliyense wodya amene zimamuchitikira. Koma mawu aja a madzi mu silinda anakana kuchoka m'mutu. Injini yotero ndinaitsegulapo, ndikudziwa momwe m'kati mumaonekera.

Atabwera ndi kabedi kamatayala kudzawatenga, ndinapempha anesi kuti ndionane ndi wogonetsa uja. Ndinanena zonse. Phala, nthawi yomwe adya, kachasu, chingambwe, botolo la pansi pa bedi. Mawu ankanjenjemera ngati ndikuulula mlandu wanga. Sanakalipe. Anati, "Mwachita bwino achimwene." Anandiuza kuti munthu womwa kwambiri thupi lake limazolowera, mlingo wamba utha kumuchepera, chiwindi chimatha kukhala chotopa, ndipo akasiya mowa mwadzidzidzi amanjenjemera, kusowa tulo, ena mpaka kusokonezeka mutu kapena kukomoka. Ndinakumbukira manja a ababa masiku oyamba aja, ife tinkati ndi kuzizira kwa Lilongwe. Fodya amadzaza makhololo m'chifuwa, ndipo utsi wake umalanda malo a okosijeni m'magazi, moti kungosiya tsiku limodzi kapena awiri magazi amayamba kunyamula mpweya bwino. Za mizu anati aleke kaye, chifukwa mankhwala ena azitsamba amasokoneza kuundana kwa magazi kapena kulimbana ndi ogonetsa. Anati ayesa kuwaika kumapeto kwa tsiku, maola 6 akakwana. Koma masana kunabwera anthu a ngozi ya pamsewu, ndipo amenewo sangadikire. Ababa anawasunthira Lachisanu.

Ababa anatembenukira kukhoma. Mawu okha omwe ananena ndi akuti, "Ndinabereka mwana kapena wapolisi?" Azakhali analira, akuti ndawachititsa manyazi pamaso pa anesi. Masiku awiri athunthu ababa sanandiyankhe moni. Ndikabweretsa madzi ankalandira azakhali.

Lachitatu ndinatsikira ku Old Town wapansi. Ndinawoloka mlatho wa mtsinje wa Lilongwe pakati pa chipwirikiti cha mavenda ndi makabaza, ndinazungulira mashopu a ku Malangalanga kufunsa mitengo ya mapulagi omwe sindikanatha kugula. Kenako ndinapezeka ndaima pa depoti, kondakitala akukuwa Salima, Salima. Sindinama, ndinaganiza zokwera. Ndinati ngati ndine wapolisi, atsale ndi mlongo wawoyo. Ndinakhala pa benchi pafupifupi ola. Chomwe ndinachita ndi kugulitsa foni yanga yaikulu ija n'kugula kakang'ono, ndiye amene munkadabwa kuti sindikuoneka pa WhatsApp, nkhani yake ndi imeneyo. Yotsalayo ndinagula ufa, makala ndi sopo, n'kubwerera ku Central.

Lachinayi usiku sindinapite ku Area 10. Ndinagona pa khonde la wodi, kontena ya azakhali ndinaisunga ndekha. Chingambwe ndinali nditachotsa kale mu jekete. Lachisanu m'mawa akuwakankha kupita ku fiyeta, ababa sanalankhule, koma anandigwira chala ndi dzanja labwinolo mpaka pa chitseko pomwe ife saloleza kudutsa.

Ndikuuzeni zoona, ngakhale ndinali nditamva zonse zija, mantha analipo. Mankhwalawa ndi amphamvu ndipo ngozi imatheka, bambo uja sanandibisire. Koma anati kawirikawiri chimaika munthu pa chiswe ndi momwe wafikira: mochedwa, magazi atatha, matenda atafalikira, kapena atabisa zinthu. Mnzawo wa ababa uja ndinadzamva kwa azakhali kuti anafika ku chipatala matumbo atapotana masiku anayi, atayamba wazungulira kwina.

Patadutsa maola pafupifupi atatu anawatulutsa. Ankanjenjemera ngati atuluka m'madzi a mwera, chifukwa munthu akagonetsedwa thupi limalephera kusunga kutentha kwake. Mawu anali osasa chifukwa cha chubu ija. Anasanza kamodzi, timadzi tokha, m'mimba munalibe kanthu. Atatsegula maso bwinobwino anandiyang'ana, nayang'ana kudenga, n'kufunsa kuti, "Iwe, nanga ayamba liti?" Mkono uli m'mabandeji, chitsulo chili kale m'kati. Anesi anaseka, azakhali anaseka misozi ikutsika. Ababa anakana kwa kanthawi ndithu, akuti tikuwanamiza, angowauza kumene kuti apume kwambiri mu chigoba chija. Pambuyo pake anandiuza kuti tulo umadziwa kuti wagona, ukadzuka umamva kuti usiku wapita. Koma uku kunalibe maloto, kunalibe mdima, kunalibe nthawi. Anangodumpha kuchoka m'mawa kufika masana.

Madzulo ake, ine ndikupinda zofunda, ndinamva, "Iwe." Kanali koyamba kundiitana chiyambire Lachiwiri lija. "Kawafunse anesiwo ngati phala lija tsopano likuloledwa." Azakhali ndi amene anathamanga kukafunsa, ndipo anadikira mpaka atauzidwa kuti ayambe ndi madzi pang'ono. Nkhani ya wapolisi sinatchulidwenso mpaka lero. Ine sindinapepese, iwonso sanapepese.

Pano ali kunyumba, mkono akuukweza pang'onopang'ono, akusoka maukonde pa khonde uku akulamula alovi ngati kale. Fodya sanabwererenso, za kachasu tisanamizane, tikulimbana nazobe. Anzawo akabwera amawauza kuti si katupe, "amakuzimitsa ngati injini, wina atagwira chingwe."

Ndiye anzanga, ife ntchito yathu ndi ya ngozi: pulopela, mbedza, maboti, njinga zamoto za pa msewu wa Salima. Tsiku lina adzakhala iwe, kapena mkazi wako pa uchembere, kapena madala ako. Akakufunsa za mowa, fodya, chamba, mapiritsi omwe umamwa, kaya a BP, a shuga, ma ARV kapena azitsamba, nena momwe zilili, si khoti limenelo. Ngati unagonetsedwapo n'kuvutika, kapena wachibale wako zinamuvutapo, nenanso, chifukwa mavuto ena amayenda m'magazi a pa banja. Akati osadya, osadya, ndipo uwauze bwino amayi ndi azakhali chifukwa chake, usangowaletsa. Ine ndinalakwa pomwepo: ndinamva zonse Lolemba pa khonde paja, koma sindinakhale pansi ndi azakhali kuwafotokozera. Ndikanatero bwenzi foni yanga ndikadali nayo.

Injini zomwe zinatsala ndayamba kale kuzitsegula, ya 15 ija mawa ikhala itatheka. Amene muli ndi ngongole yanga, ino ndiye nthawi yake. Tumizani uthengawu ku magulu ena a kunyanja, makamaka kwa amene ali ndi m'bale amene akudikira opaleshoni.